MULUNGU NDIYE ATSEGULA MTIMA

Phunziro la pa Luka 24:13-49 ndi Macitidwe 16:11-15

Mseu waukuru wocokera ku Lusaka kumka kum'mawa upyola pa Chongwe, nukwera mapiri a ku Rufunsa, nutsikira ku mlatho wa pa Luangwa. M'mbali mwace, ndi m'tinjira topatukira ku midzi ya kwa Bundabunda, kwa Mpanshya ndi kwa Shikabeta, muli nyumba zambiri zopemphereramo, zina za njerwa ndi malata, zina za mitengo ndi udzu. Mbusa sakhoza kufika m'nyumba zonsezi Lamulungu liri lonse, pakuti dera n'lalikuru, ndipo njira zina zibvuta m'dzinja. Cifukwa cace kawirikawiri ndi mkuru wa mpingo amene aimirira, natsegula Buku Lopatulika, nawerengera anthu.

Tsono pali cinthu cimene mkuru ali yense acidziwa. Akazi awiri akhala pa mphasa imodzi, namva mutu umodzimodzi. Poturuka, wina amka kwao mau aja alikumlasa mumtima, ndipo dzuwa lisanalowe ali pakhomo pa mnansi wace kudzapepesa za mkangano wa malire a munda. Mnzace uja amka kwao osakumbukira kanthu, koma kuti mkuru anatalikitsa. Onse awiri ali ndi makutu, onse awiri amva Cinyanja. Nanga kusiyanaku kwacokera kuti? Funso ili si la ana a m'kalasi okha iai. Alipo Akristu akale, obatizidwa zaka zambiri zapitazo, amene adandaula m'seri kuti kwa iwo Buku liri ngati nkhokwe yodzala cimanga imene makwerero ace anacotsedwa.

1. Zitseko zitatu

Pakati pa munthu ndi Mau a Mulungu pali zitseko zitatu.

Coyamba ndi citseko ca cinenero. Malembo analembedwa m'Cihebri ndi m'Cihelene, ndi zigawo zina zazing'ono m'Ciaramu. Pamene amishoni a Dutch Reformed Church anayamba nchito ku Magwero, pafupi ndi Chipata, m'caka ca 1899, Buku lonse linali lisanapezeke m'manja mwa anthu a m'midzi. M'caka ca 1900 amishoni a mipingo yosiyanasiyana ku dziko limene lero lichedwa Malawi anapangana kumasulira Malembo m'Cinyanja cimodzi comveka kwa onse. Mtolo waukuru anausenza Mbusa William Murray, pothandizana ndi Dr. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre ndi aphunzitsi a Ciafirika, eni ace a cinenero. Nchito inatenga zaka zoposa makumi awiri, kufikira Buku Lopatulika linaturuka lathunthu, mabuku 66, m'caka ca 1922. Pambuyo pace, m'caka ca 1998, linaturukanso Buku Loyera m'mau a masiku ano. Citseko coyamba cinatsegulidwa cotero, ndi thukuta la anthu.

Caciwiri ndi citseko ca zilembo. Ici atsegula mphunzitsi m'sukulu, ndi coko ndi bolodi. Amene sanaphunzire awerengeredwa ndi mdzukulu, kapena amvera pa wailesi, kapena pa lamya ya m'manja.

Cacitatu ndi citseko ca mtima. Ici womasulira sacikhoza, mphunzitsi sacikhoza, mbusa yemwe sacikhoza. Munthu akhoza kukhala ndi Buku m'cinenero ca amace, nakhoza kuliwerenga mosadodoma, naloweza mavesi ambirimbiri, koma n'kukhala ali kunja ndithu.

2. Cotseka mtima n'ciani?

Mafumu awiri a Yuda, atate ndi mwana, aonetsa bwino nkhaniyi. M'masiku a Yosiya buku la cilamulo linapezeka m'kacisi, ndipo mlembi Safani analiwerenga pamaso pa mfumu. Yosiya pakumva anang'amba zobvala zace ndi cisoni, natuma anthu kukafunsira kwa Yehova, nayamba kucotsa mafano m'dziko (2 Mafumu 22-23). Patapita zaka, mwana wace Yehoyakimu anawerengeredwa mpukutu wa mau a Yeremiya. Inali nyengo yozizira, mfumu irikuotha moto. Wowerenga akatha masamba atatu kapena anai, mfumu inkawadula ndi mpeni, niwaponya pamoto, mpaka mpukutu wonse unapsa (Yeremiya 36). Atate anang'amba zobvala, mwana anang'amba buku. Onse awiri anamva bwino lomwe cimene cinawerengedwa. Kusiyana kunali mumtima.

Malembo achula zinthu zingapo zotseka mtima. Cina ndi chimo limene munthu alikonda. Mwamuna amene ali ndi mkazi wam'seri, kapena amene abisa zithumwa kudenga, akafika pa mau omtsutsa atembenuza tsamba msanga. Sanena kuti safuna kumva, angoti mauwo ngobvuta. Cina ndi kudzikuza. Akuru a Ayuda anasanthula Malembo usana ndi usiku, koma Yesu anawadzudzula kuti anakana kudza kwa Iye amene Malembowo amcitira umboni (Yohane 5:39-40). Cina ndi nkhawa za moyo uno, zimene fanizo la wofesa lizicha minga (Marko 4): ngongole ya feteleza, ndalama za sukulu, matumba a makala amene akhala pamseu mlungu wathunthu osagulidwa. Zinthuzi si macimo mwa izo zokha, koma zikadzala mumtima mbeu ya Mau isowa popumira. Cinanso ndi kuzolowera: munthu wamva nkhani ya mwana wolowerera kambirimbiri, kotero kuti mkuru asanathe vesi loyamba iye watseka kale makutu.

Koma muzu wa zonsezi uli pansi. Paulo aphunzitsa kuti munthu monga anabadwira salandira za Mzimu wa Mulungu, aziyesa zopusa (1 Akorinto 2:14), ndipo Ezekieli afanizira mtima wotere ndi mwala (Ezekieli 36:26). Nyumba ya kumudzi itsekedwa ndi mpiringidzo wa m'kati. Mwini nyumba akadwala nagona pansi wopanda mphamvu, abale angagogode kufikira manja atatupa, iye sakhoza kudzuka kukacotsa mpiringidzowo. Momwemo ali munthu wocimwa. Asowa wina amene akhoza kulowa pamene munthu sangalowe.

3. Lidiya wa ku Filipi

Pa ulendo wace waciwiri Paulo anaoloka nyanja, nafika ku Filipi, mudzi wa ku Makedoniya. Tsiku la Sabata iye ndi anzace anaturuka kunja kwa cipata, napita kumtsinje kumene anayembekeza kupeza malo opempherera. Anapezako akazi okhaokha. Mwa iwo munali Lidiya, wa ku Tiyatira, wogulitsa nsalu zofiirira za mtengo wapatali, mai wamalonda ndi wa nyumba yaceyace.

Zinthu zitatu ziyenera kupenyetsedwa pano. Coyamba, Lidiya anali wopembedza Mulungu kale, wopemphera, wosunga Sabata. Koma mtima wace unasowabe kutsegulidwa. Kupembedza sikuli kuzindikira. Caciwiri, Luka sayamika Paulo kuti analalikira mwaluso, kapena Lidiya kuti anali wocenjera. Anena poyera kuti wotsegula anali Ambuye. Paulo analankhula ku makutu a akazi onse, Ambuye nagwira nchito m'kati. Cacitatu, kutsegulako kunaoneka ndi zipatso. Lidiya anasamalira zimene Paulo ananena, nabatizidwa pamodzi ndi a m'banja lace, naumiriza alendowo kuti akakhale kwao. Ndipo Paulo ndi Sila ataturuka m'ndende, anakapeza abale atasonkhana m'nyumba yomweyo. Mtima utatseguka, khomo la nyumba linatsegukanso.

Amai a cigwirizano amene asonkhana pansi pa mtengo pakati pa mlungu, asanu kapena asanu ndi mmodzi, asadziyese ocepa. Mpingo wa ku Filipi, umene Paulo anaukonda kwambiri, unayambira pa msonkhano wotere.

4. Pa njira ya ku Emau

Tsiku la kuuka kwa Ambuye, ophunzira awiri anali pa ulendo wa ku Emau, mtunda wa makilomita ngati 11 kucokera ku Yerusalemu. Anali Ayuda, oleredwa ndi Malembo kuyambira ubwana. Nkhani yonse ya Yesu anaidziwa, ngakhale ya manda opezeka apululu, kotero kuti Kleopa anaifotokozera mlendo uja mwatsatanetsatane. Anali nazo zonse, koma anayenda ndi nkhope zakugwa. Anali ngati munthu wosenza mitengo yonse ya denga, wosadziwa mtengo umene ukhala pakati.

M'mutu umenewu Luka achula kutsegula katatu, ndipo m'Cihelene mau ace ndi amodzimodzi ndi aja a pa nkhani ya Lidiya. Yesu anawatsegulira Malembo panjira, kuyambira kwa Mose ndi aneneri onse. Maso ao anatsegulidwa pa cakudya, pamene ananyema mkate. Ndipo usiku womwewo ku Yerusalemu anatsegula nzeru za ophunzira onse kuti azindikire Malembo. Sanawapatse buku latsopano, kapena loto, kapena cinsinsi cobisika kwa anthu ena. Anawabwezera ku mabuku akale omwewo, nawaonetsa kuti onse aloza kwa Kristu amene anayenera kumva zowawa ndi kuuka, ndi kuti m'dzina lace kulalikidwe kulapa ndi kukhululukidwa kwa macimo kwa mitundu yonse. Apa ndi pamene pagona phunziro lonse: mtima wotsegulidwa ndi Mulungu upeza Kristu m'Malembo. Paulo anena comweco za cophimba cimene cikhala pa mtima pakuwerengedwa Mose, nicicotsedwa pamene munthu atembenukira kwa Ambuye (2 Akorinto 3:14-16).

Awiri aja anakumbutsana pambuyo pace kuti mitima yao inatentha panjira. Anthu a ku Rufunsa adziwa kasupe wa ku Chinyunyu, pafupi ndi mseu waukuru, pamene madzi aturuka pansi ali otentha. Palibe munthu atola nkhuni kukasonkha moto pamenepo. Madzi a mvula alowa m'ming'alu ya miyala, natsikira pansi penipeni pamene miyala iri yotentha, nabwerera kumtunda ndi kutentha kumene sanakutenge kwa anthu. Kutentha kwa mtima kocokera kwa Mzimu Woyera kuli kotere. Kusiyana ndi moto wa mapesi, umene ng'oma ndi kupfuula ziuyatsa Lamulungu, Lolemba n'kukhala phulusa.

5. Njira zimene Mulungu atsegulira

Wina angati: Ngati wotsegula ndi Mulungu, munthu angokhala pansi n'kudikira. Kuteroko n'kulakwa. Mlimi wa ku Rufunsa sakhoza kugwetsa mvula, koma sadikira November ali m'nyumba. Asosa munda, nakonza mbeu, nanola khasu. Katekisma wa ku Heidelberg, wa caka ca 1563, aphunzitsa kuti Mzimu Woyera ndiye alenga cikhulupiriro mumtima, ndi kuti acita ici mwa kulalikidwa kwa Uthenga Wabwino. Sinodi ya ku Dordrecht, ya zaka za 1618 ndi 1619, inaonjeza kuti Mzimu pofewetsa mtima wouma sacita ndi munthu monga ndi cipika ca mtengo, koma aciritsa cifuniro cace kuti afune yekha. Mulungu ali nazo njira zace, ndipo wofuna kutsegulidwa ayenera kupezeka m'njirazo.

Njira yoyamba ndiyo kumva Mau. Lidiya akadatsala m'nyumba kuwerengera nsalu zace tsiku lija, sakadamva Paulo.

Yaciwiri ndiyo kufotokozerana. Mdindo wa ku Aitiopiya anali munthu wamkuru, wosunga cuma ca mfumu yaikazi, ndipo anali kuwerenga Yesaya m'gareta wace. Filipo pomfunsa ngati azindikira, iye sanacite manyazi. Anabvomera kuti asowa womtsogolera, namkweza m'garetamo (Macitidwe 8). Akuru anati, safunsa anadya phula. M'masiku a Nehemiya, Ezara anawerenga cilamulo kuyambira m'mawa kufikira usana, ndipo Alevi anatanthauzira anthu mau aja. Anthu anayamba ndi kulira, natsiriza ndi cimwemwe cacikuru, cifukwa anazindikira (Nehemiya 8). M'midzi yambiri ya ku Rufunsa cinenero ca pakhomo ndi Cisoli. Mkuru amene awerenga m'Cinyanja, nabwereza tanthauzo m'Cisoli kuti agogo a kumbuyo amve, acita nchito ya Alevi aja, ndipo asaiyese yaing'ono.

Yacitatu ndiyo pemphero. Wolemba Salmo 119 anali wokonda cilamulo koposa, komabe anapempha Mulungu kuti amtsegule maso. Ngati iye anasowa kupempha, koposa kotani wowerenga wa lero? Pemphero lalifupi Buku lisanatsegulidwe liposa kuwerenga mitu khumi ndi mtima wodzidalira.

Yacinai ndiyo kumvera. Yesu anaphunzitsa kuti wofuna kucita cifuniro ca Mulungu ndiye adzazindikira za ciphunzitso cace (Yohane 7:17). Woyenda usiku ndi nyali aona mapazi ocepa okha patsogolo pace. Akayenda, kuunika kuyenda naye. Akaima, njira yotsalayo ikhalabe mumdima. Ambiri adandaula ndi mavesi obvuta a m'Cibvumbulutso, pamene vesi losabvuta la kukhululukira mbale sanalicite.

Nthawi yace ya kutsegula aidziwa Mulungu yekha. Augustine, mwana wa ku Africa ya kumpoto, ananyoza Malembo pa unyamata wace, nawayesa buku la anthu osaphunzira. Amace Monica anampempherera zaka zambiri. M'caka ca 386, ali m'munda ku Milan, anawerenga mau a kumapeto kwa Aroma 13, ndipo moyo wace unatembenuka. Pambuyo pace anakhala mphunzitsi wamkuru wa mpingo. John Wesley anali mbusa wodzozedwa, wodziwa Cihelene, wopita kale ku America kukalalikira. Koma panali pa 24 May 1738, m'kamsonkhano ku Aldersgate Street mu London, pomva wina alikuwerenga mau a Martin Luther ofotokoza kalata wa kwa Aroma, pamene anazindikira kuti Kristu anafera iyenso. Ndipo ku Magwero, kumene Mai Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa akhungu m'caka ca 1905, kwakhala ana owerenga Mau ndi nsonga za zala. Maso a thupi si ndiwo apenya Kristu.

6. Cenjezo

Pamene pali ndalama yeniyeni, yonyenga siisowa. Afika anthu m'midzi ndi kunena kuti Mulungu wawatsegulira zobisika. Wina ang'amba vesi limodzi pa mutu wace, naligwiritsa nchito kugulitsa madzi kapena mafuta. Wina aloza nkhalamba ya m'mudzi kuti ndiyo mfiti, nati Mzimu wamuuza. Wina auza wodwala kuti aleke mankhwala a kucipatala, kuti kumwa mankhwala n'kusakhulupirira. Pamenepa pafa anthu, mabanja napasuka. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mpingo ukumbukire kuti Satana yemwe anachula Salmo 91 poyesa Yesu, ndi kuti Petro anacenjeza za anthu opotoza Malembo (2 Petro 3:16). Simoni wa ku Samariya anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, nadzudzulidwa kolimba. Miyeso yoyesera ciphunzitso iripo, ndipo mkristu wosaphunzira akhoza kuigwira. Kodi ciphunzitsoci cikweza Kristu, kapena cikweza mlaliki? Kodi cigwirizana ndi mavesi a patsogolo ndi a pambuyo, ndi Malembo ena onse? Kodi cibala kulapa, cikondi ndi mtendere, kapena mantha, udani ndi kusonkhetsa ndalama? Kodi mphunzitsiyo alola kufunsidwa? Anthu a ku Bereya anayamikidwa cifukwa anasanthula Malembo tsiku ndi tsiku kuona ngati zonena za Paulo zinali zoona (Macitidwe 17:11). Ngati mtumwi analola kuyesedwa, mneneri wokana kuyesedwa wadziulula yekha. Mzimu amene anauzira Malembo sangatsutsane ndi Malembo.

7. Kwa iye amene walema

Alipo wina amene wawerenga phunziro ili ndi mantha, nati mumtima mwace: Kapena mtima wotsekedwawo ndi wanga. Wotereyo alimbike. Mwala sudandaula kuti uli wouma. Kudandaula komweko, ndi njala ya kuzindikira, ndi cizindikiro cakuti dzanja la Ambuye liri kale pa citseko. Yesu anayamika Atate kuti zinthu izi aziululira makanda (Mateyu 11:25), nalonjeza kuti Atate apatsa Mzimu Woyera kwa iwo akumpempha (Luka 11:13). Lonjezoli silifunsa kalata wa sukulu.

Cotero banja lisankhe nthawi yace, kaya m'mamawa asanamke kumunda, kaya madzulo atadya nsima. Atenge Uthenga umodzi, monga wa Marko kapena wa Luka, nauwerenge kuyambira paciyambi, pang'onopang'ono, osadumphadumpha. Apemphe kuunika asanawerenge. Atawerenga afunsane zinthu ziwiri: mau awa aonetsa ciani za Yesu, ndipo afuna kuti m'nyumba muno mucitike ciani lero? Cimene cawakanika acisunge, akafunse mkuru kapena mbusa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mkuru wa mpingo nayenso asataye mtima poona anthu alikuodzera. Nchito yace ndiyo kukonzeka bwino, kuwerenga momveka, kufotokoza mokhulupirika, ndi kupempherera anthu ace mmodzimmodzi ndi maina ao. Citseko cacitatu si cace. Paulo anakhala pansi m'mbali mwa mtsinje nalankhula ndi akazi owerengeka, osadziwa kuti mwa iwo muli Lidiya. Mkuru wa kwa Shikabeta sadziwanso amene wakhala pamphasa Lamulungu lirinkudza. Koma Ambuye amene anatsegula ku Filipi ndi ku Emau amdziwa.

Mafunso okambirana

1. Zitseko zitatu za pakati pa munthu ndi Mau a Mulungu ndi ziti, ndipo ciri conse atsegula ndani?
2. Yosiya ndi Yehoyakimu anasiyana bwanji pakumva Mau?
3. Lidiya anali wopembedza kale. Nanga anasowanso ciani, ndipo kutseguka kwa mtima wace kunaoneka ndi ciani?
4. Ngati wotsegula ndi Mulungu, mkristu ayenera kucita ciani podikira?
5. Mlendo akafika m'mudzi nanena kuti Mulungu wamuululira zobisika, mpingo umuyese ndi miyeso iti?